Ndevu za Egya Kobina

Ku Apam kuno ukafunsa kuti kwa a Kobina Essel ndi kuti, anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma ungoti "kwa Andevu", ngakhale mayi wogulitsa kenke, nsima yathu ija yokulunga m'makoko a chimanga, pa siteji akulozera ndi chipande: tsikani ndi msewu wa kudoko, mukamva fungo la petulo ndiye mwafika. Pali kashedi ka malata adzimbiri, mainjini a mabwato atapachikidwa pa mtanda, ndipo pakati pake pamakhala bambo wamfupi wa mapewa otambalala, manja ali bii ndi oyilo. Ife timawatchula Egya Kobina, monga timatchulira bambo aliyense amene imvi zayamba kumuyendera. Injini imene yawakanika iwowo, mwini wake amangokaigulitsa kwa ogula zitsulo.

Ndevu zawozo zinkafika pamchombo. Pogwira ntchito ankazimanga ndi mphira wa chubu cha njinga n'kuzilowetsa m'malaya, kuyambira tsiku lomwe chingwe cha injini chinazikola n'kuzula tsumba lathunthu, iwo n'kutukwana mpaka asodzi a ku tsidya anamva. Sanazisunge chifukwa cha chipembedzo kapena kudzikongoletsa ayi. Zinali ndevu za mpira.

Zaka khumi ndi zinayi m'mbuyomo, timu yathu ya Akhwangwala, ija yovala zakuda za pachifuwa poyera, inadulidwa mu ligi yaikulu. Tinagonja pakhomo pathu pomwe ndi chigoli chimodzi, cha penate imene anaiona ndi woyimbira yekha. Anthu anagenda, ena analira, kenako njala itawawa aliyense anapita kwawo kukadya. Egya Kobina sanapite. Anagula botolo la kachasu pageti, n'kulowa m'bwalo, n'kukaima pa golo la chakunyanja, pomwe malemu bambo awo anagwira zaka khumi ndi ziwiri ali goloboyi wa Akhwangwala. Anathira kachasu patsinde pa chitsulo cha golo, n'kuitana bambo awo ndi dzina.

"Bambo, landirani mumwe," anatero. "Lumo silidzakhudza chibwano changa mpaka nditaona ndi maso angawa Akhwangwala akusewera mpira wa ligi yaikulu pabwalo lino."

Mboni zinalipo, ndipo mmodzi wa iwo anali Ekow Baiden, wometa tsitsi wa pamsika, mnzawo wa kuubwana. Baiden nayenso mtima uli m'malere analonjeza kuti tsikulo likadzafika adzawameta ulere pakati penipeni pa bwalo. Aliyense ankati ndi nkhani ya chaka chimodzi.

Kwathu kuno lumbiro lothira pansi si la masewera. Wakufa ukamuitana n'kumupatsa chakumwa, wamva, ndipo sakhala ndi zochita zina zoti zimuiwalitse. Njira yomasukira ilipo imodzi yokha: upite kwa mkulu wa banja lako ndi nkhosa ndi botolo, akathire mwazi pomwe unalumbirirapo, n'kuuza wakufayo kuti mwana wanu uja zamukanika. Nkhosa si yovuta kupeza. Chovuta ndi mawu akuti "zamukanika" aja, onenedwa pagulu iwe uli chilili.

Ndiye ndevu zinakula, timu ikungozungulira mu ligi yaing'ono. Chaka china inathera pachitatu, china pachisanu, china inapulumukira mkamwa mwa mbuzi osadulidwanso kachiwiri. Egya Kobina sanaphonyepo mpira wa pakhomo ndi umodzi womwe, ndipo wa koyenda ankakwera nawo minibasi ya masapota, ndevu zili panja pawindo.

Lachiwiri nyanja imapuma, palibe bwato lomwe limalowa m'madzi. Tsiku limenelo asodzi amasoka maukonde, ndipo amene atopa kusoka ankadzadza m'kashedi ka Egya Kobina kudzamva za mpira. Ena ankabwera kudzaphunzira, koma ambiri ankabwera kudzaputa dala. Katswiri wa kuputako anali Kwamena Otoo, mwini mabwato awiri, bambo wa mimba yake amene ankakonda kuvala jezi yofiira ya timu ina ya ku Ulaya.

"Egya, dzulo tawina folo!" ankatero Kwamena asanakhale n'komwe.

"Mwawina? Inu ndi ndani?" Egya Kobina ankayankha osadzutsa mutu pa injini. "Iweyo Kwamena, ndikakupatsa mapu, mzinda wa timu yakoyo ungauloze? Iwo uko akudziwa kuti ku Apam kuli chitsiru chonunkha nsomba chimene chimawalirira? Ukadzafa adzatumiza nkhata? Chimene umadziwa iwe ndi kapepala ka kubetcha basi."

"Komatu iwo aja amawina, Egya. Anuwa amangotikweza bipi."

"Mayi ako akadwala umakasapota mayi a eni ake chifukwa ali bwino?"

Anthu ankafa nako kuseka, ndipo pamenepo ndiye kuti mkuluyo wayaka. Ankaika sipanala pansi. Ankayamba ndi anyamata ogulitsidwa kunja. Mwana angogoletsa zigoli zitatu, mawa lake ali m'ndege, amuthyola ali wosapsa ngati mango a m'mbali mwa msewu, akafika uko amukhazika pabenchi m'chisanu, pakatha zaka ziwiri wabwera ndi ndolo kukhutu ndi bondo lakufa. Akachoka apo ankalowa kwa oyimbira, amene ankati wenzulo wawo amalira molingana ndi kulemera kwa envulopu. Kenako makochi: kochi agonje kawiri, wachotsedwa, koma tcheyamani agonje zaka khumi, wagula galimoto yatsopano. Tcheyamani wathu anali a Dadzie, munthu wa mawu ofewa amene ankabwera ku bwalo atavala zoyera n'kukhala pamthunzi.

"Dadzie mpira sauona," ankatero Egya Kobina. "Akayang'ana m'bwalo amaona mbuzi khumi ndi imodzi zoti akagulitse."

Lolemba lililonse m'mawa ankaimba foni ku wailesi ya m'boma lathu, pa pulogalamu ya masewera. Muulutsi akangoti "tili ndi Andevu a ku Apam", amayi m'misika ankakweza mawailesi. Nthawi zambiri ankawadula asanamalize. Koma zambiri zomwe ankanena zinali zoona, ndipo ichi ndicho chinkawawa. Munthu wolondola pa zinthu zambiri amafika poiwala kuti naye angalakwe.

Kunyumba kunali mayi Kuukua, akazi awo, owamba nsomba. Zaka makumi atatu anakhala ataweramira mauvuni adothi kuseri kwa nyumba, utsi uli tolotolo m'maso, ndipo nsomba zawo zinkafika mpaka ku misika ya kumtunda. Anali mayi wosachulutsa mawu, koma akalankhula ankalasa. Za mpira analibe nazo ntchito. Ndevuzo poyamba ankaziseka, n'kumati akugona ndi tsache.

"Ine ndinakwatiwa ndi mnyamata wa kadzenje pachibwano," ankauza anzawo. "Kadzenje kameneko ndi komwe kanandipusitsa, apo ayi bwenzi ndili kwa mphunzitsi wina wa ku Winneba. Tsopano andibisira m'tchire."

Kuseka kunatha pamene maso anayamba kuvuta. Anayamba ndi kugunda mabeseni omwe ali pambali, kenako kudutsa anthu osawapatsa moni mpaka ena kumati ayamba matama. Mwana wawo Ewurasi anawatengera kuchipatala chachikulu. Anthu ankati ndi utsi, koma dokotala anati si ng'ala yoti n'kupala, ndi matenda odya mtsempha wa diso, ndipo anabwera mochedwa. Chimene chapita sichibwerera. Mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Mayi Kuukua anati tsopano amaona ngati akusuzumira m'bowo la nsungwi: chapatsogolo chokha, m'mbali monse muli mdima, ndipo bowolo likunka lichepa.

Sabata yomweyo anapita okha kumsika wa ziweto n'kubwera akukoka nkhosa yamphongo yoyera. Anaimangirira pa mtengo wa mgwalangwa pakhomo, n'kudikira amuna awo.

"Bambo a Ewurasi, nkhosa iyo," anatero. "Botolo ndigula ndine. Pitani kwa amalume anu akakumasuleni. Sindinakupempheni nsalu, sindinakupempheni nyumba ya malata atsopano. Ndikufuna ndione nkhope yanu kusanade."

Egya Kobina ankawakonda akazi awo, zimenezo palibe angatsutse. Koma chomwe chinatuluka pakamwa ndi ichi: "Mayi, tapirirani pang'ono. Timu ya chaka chino ndi ina. Chaka chamawa tikhala tili m'mwamba, ndipo mudzandiona pamaso pa Apam yense, osati mobisala ngati wakuba."

Chaka chimenecho tinathera pachinayi. Chotsatira chake pachiwiri. Nkhosa ija inanenepa ndi makoko a chinangwa, nyanga zinapiringizika, ndipo anthu a m'mudzi anaipatsa dzina loti Chakachamawa. Mayi Kuukua ankaidyetsa okha m'mawa uliwonse.

Ndiye chaka chachitatu chinthu chija chinachitikadi. Anabwera kochi wina wachete, wosadziwika, n'kutolera anyamata a m'makwalala momwemu, ana a asodzi ndi a owamba nsomba. Anayamba kuwina. Anawina pakhomo, anawina koyenda, anawina ngakhale kumene woyimbira anawonjezera mphindi khumi ndi ziwiri kudikira kuti eni bwalo abweze. Pofika mpira womaliza tinkangofunika kupambana basi, ndipo unali wa pakhomo.

Tsiku limenelo ngakhale nyanja inatsala yokha. Anthu anakwera m'mitengo, ena pamadenga. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mayi Kuukua anabwera ku bwalo la mpira, atavala nsalu yoyera ya chikondwerero, atagwira mkono wa Ewurasi. Anawapezera mpando kutsogolo kwenikweni. Mpira sankauona, unkathamanga kwambiri kuposa kabowo kawo kaja. Iwo anabwerera chinthu chimodzi.

Alendo anayamba kugoletsa. Tinabweza chigawo choyamba chisanathe. Kenako kutatsala mphindi zitatu, mnyamata wina wa matewe, mwana wa mayi wogulitsa makala, anaumenya ndi mutu pa kona, ukonde n'kugwedera. Zomwe zinachitika pamenepo sindingazifotokoze bwino chifukwa nanenso ndinali m'mwamba. Wenzulo womaliza atalira, bwalo lonse linakhamukira mkati. Anthu anathirana paudala woyera monga timachitira tikapambana, ndipo Egya Kobina anawanyamula pamapewa, ndevu zili mbuu, akulira ngati mwana. Anakawatsitsira pakati pa bwalo. Pamenepo panali patafika kale mpando, beseni la madzi, ndi Ekow Baiden atanyamula lumo m'mwamba kuti aliyense alione.

"Meta! Meta! Meta!" bwalo lonse linkaimba, ng'oma zikugunda.

Ewurasi anawabweretsa mayi ake kupyola m'chikhamu chija mpaka anaima pafupi, moyang'anizana ndi mpando. Mayi Kuukua anatembenuza mutu uku ndi uku mpaka amuna awo analowa m'kabowo kaja, ndipo atawapeza sanasunthenso. Baiden anaviika burashi m'sopo.

Egya Kobina anakweza dzanja. Ng'oma zinaleka.

"Abale anga," anatero ndi mawu aja a pawailesi, "ine ndinalumbira kuti mpaka nditaona Akhwangwala akusewera mpira wa ligi yaikulu pabwalo lino. Walerowu unali wa ligi yaing'ono. Bambo anga anamva liwu lililonse, sindingawabere pa sikelo. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Kwangotsala miyezi itatu. Mpira woyamba wa pakhomo, Baiden, udzabwere ndi lumo lakoli."

Mukudziwa chomwe anthu anachita? Anaombera m'manja! Anakuwa kuti uyu ndiye mwamuna, uyu ndiye sapota weniweni, n'kuwanyamulanso. Ine ndemwe ndinaomba nawo, ndipo mpaka lero manja angawa ndimawayang'ana ndi manyazi. Amalume awo omwe, mkulu wa banja, anali pompo ndipo anati wakufa sangakhale wouma mtima chotero, lumbiro lakwanira. Koma tinene zoona, nkhani sinali ya wakufa. Ndevu zija zinali zitasanduka udindo. Popanda izo Egya Kobina akanakhala makaniko wamfupi wa kudoko basi, ndipo miyezi itatu ina ya kunyamulidwa pamapewa inawakomera.

"Miyezi itatu ine ndilibe, bambo a Ewurasi," anatero mayi Kuukua.

Ananena ndi mawu awo a masiku onse, osakweza. Baiden anamva, Ewurasi anamva. Egya Kobina amati sanamve chifukwa cha ng'oma, ndipo palibe amene anawatsutsapo pamaso.

Patangotha masabata asanu, a Dadzie anamveka pawailesi ndi mawu awo ofewa aja. Anati ligi yaikulu ndi yodula, bwalo lathu lilibe mpanda woyenera, udzu wake ndi wa mbuzi, ndipo mwa chisomo cha Mulungu timu yapeza bwenzi. Bwenzilo anali mkulu wina wa ku Accra wogulitsa matailosi. Tinasangalala, opusa ife, tinkayesa abwera kudzamanga mpanda. Lachinayi lotsatira kunabwera lole n'kupakira maukonde a magolo, mipira, ndi kabati ya zikho ya mu ofesi. Malo athu a mu ligi yaikulu anali atagulitsidwa. Timu inasamukira ku Accra, inapatsidwa dzina la kampani ya matailosi, ndi yunifolomu yachikasu ngati papaya. Kochi wachete uja anamuchotsa asanasewere ndi mpira umodzi womwe. Mnyamata wa matewe uja pofika mwezi wotsatira anali m'ndege.

Lolemba lotsatira muulutsi sanawadule Egya Kobina. Anawasiya alankhule mpaka mayunitsi anawathera okha.

"Timu si lole yoti ungasinthe nambala n'kuipenta," anatero. "Dadzie wagulitsa chiyani? Anyamata aja anawabereka ndi iye? Bwalo lija analilambula ndi iye? Anthu anakwera minibasi zaka khumi ndi zinayi, kugendedwa m'midzi ya eni, ena anafa osaiona timu itabwerera, ndiye munthu mmodzi asaine pepala m'hotela n'kuti zatha? Akuluakulu a mpira nawonso adinda chidindo, akuti malamulo akulola. Malamulo ake ati, olola kugulitsa maliro a bambo anga? Ndipo inu a ku Accra, mwagula malo, mwagula miyendo, koma mudzasewera pabwalo lopanda munthu. Chigoli mudzachemerera nokha ndi matailosi anuwo!"

Tauni yonse inalira nawo. Kwamena Otoo yemwe uja anabwera ku shedi Lachiwiri atavala malaya wamba, n'kukhala pakona osaputa munthu. Koma kulira sikubweza lole. Bwalo lathu linamera thengo, amayi anayamba kuyanikapo chinangwa, ndipo aliyense amene amadziwa kuwerenga mawu a lumbiro anaona chomwe chachitika: Akhwangwala kulibenso, ndiye tsiku lometa silidzafika.

Anthu a matailosi aja anamva za ndevuzo. Anatuma bambo wina wa suti, wonunkhira bwino, amene anaima pakhomo pa shedi akusamala nsapato zake. Anati bwana akufuna Egya Kobina apite ku Accra pa mpira woyamba, akawamete pakati pa bwalo pa kanema, dziko lonse lione kuti timu ndi yomwe ija, yangosintha malaya. Galimoto adzatumiza, ndi suti yomwe. Egya Kobina anamuthamangitsa ndi sipanala mpaka pamsewu, ndipo apa ndiye sindingawanene, aliyense wa ife akanatero. Koma madzulo ake Baiden anabwera, n'kukhala pa chigubu cha petulo, n'kulankhula ngati mnzawo wa kuubwana.

"Kobina, za ku Accra wakana, wachita bwino. Nanga nkhosa ija? Timu yafa, lumbiro latsala la chiyani? Pita kwa amalume ako. Mkazi uja akudikira."

"Ndipite ndikanene kuti zandikanika? Dadzie amve kuti wandimeta ndi iye?" anayankha. "Ayi. Tiyambitsa Akhwangwala ena, kuyambira pansi penipeni. Zaka zisanu tabwerera."

"Zaka zisanu! Iwe, mutu wakowu uli ndi oyilo m'kati? Ukuona mmene akuyendera mkazi wako masiku ano?"

Sankaona. Anali otanganidwa ndi misonkhano ya pansi pa mtengo, kulemba mayina a komiti, kukangana za amene adzakhale msungichuma wa timu yopanda ndi mpira umodzi womwe. Ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa, nkhani ili Dadzie, Dadzie. Mayi Kuukua anali atasiya kupita kumsika. Nsomba ankawambabe, koma poyendera manja ndi fungo, ndipo pakhomo ankayenda chogwira khoma. Sanadandaule. Anapempha kamodzi ndi nkhosa, kachiwiri pabwalo pamaso pa anthu, ndipo sanali munthu wopempha katatu.

Tsiku lina Egya Kobina anabwerera kunyumba masana kudzatenga kope la komiti lomwe anaiwala. Dzuwa linali paliwombo, lowotcha mpaka malata kulira. Anapeza akazi awo atakhala pa mpando pakati pa bwalo la nyumba, nkhope itayang'ana kumwamba.

"Ndani? Ewurasi?" anafunsa mayiwo. "Tathamanga ukaanule zovala, kwachita mdima, mvula ikubwera."

Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Egya Kobina anaima ndi kope lawo m'manja. Anali pamaso pawo penipeni, ndevu zonse zija zili poyera, ndipo akazi awo ankawayesa mwana wawo wamkazi.

Sanabwererenso ku komiti. Anamasula Chakachamawa pa mgwalangwa paja, nkhosa yokalamba yolemera ngati thumba la simenti, n'kuikoka kudutsa nayo pamsika dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Palibe anaseka. Amalume awo anati mwambo wotere umachitika m'mawa, ndiye anagona tsiku limodzi.

Kutacha anakumana pabwalo la mpira anthu anayi okha: Egya Kobina, amalume awo, Baiden, ndi Kwamena amene anadzagwira nkhosa miyendo. Panalibe ng'oma, panalibe paudala. Anakankhira pambali chinangwa cha eni chomwe chinayanikidwa pagolo la chakunyanja. Mkuluyo anathira kachasu patsinde pa chitsulo, anaitana wakufa ndi dzina, n'kunena mawu aja mosazungulira: mwana wanu Kobina zamukanika, mumasuleni. Mwazi unalowa m'dothi. Egya Kobina anadabwa kuti mawu omwe anawaopa zaka zonsezi anali aafupi chotero.

Baiden anayamba ndi sizasi chifukwa lumo silikanalowa. Manja ake anali atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo anawatema Egya Kobina pawiri. Ndevu zinagwa pa udzu mulu wathunthu, zotuwa, zonunkha petulo. Pansi pake panatuluka nkhope yomwe palibe ankaikumbukira, masaya olowa, khungu lotumbuluka. Baiden anatulutsa kagalasi, koma iwo anakakankha.

"Si ine woyamba kuona," anatero, n'kuuyamba wa kunyumba, chothamanga ndithu, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Mumtima ankati mwina diso lamanja la akazi awo likadali ndi kakuwala, mwina akaima pafupi, padzuwa.

Anawapeza kuseri, pa uvuni, akutembenuza nsomba ndi manja. Anawagwira pamkono n'kuwatulutsa mu utsi muja mpaka pabwalo pomwe dzuwa linkawala bwino. Anagwada kuti nkhope zifanane msinkhu.

"Mayi a Ewurasi, ndameta. Tayang'anani."

Mayi Kuukua anatembenukira komwe kunkachokera mawu, koma maso awo anaphonya pang'ono, anayang'ana paphewa. Anayesa uku, anayesa uku, monga ankachitira pofunafuna ndi kabowo kaja. Kenako analeka. Anapukuta manja pa nsalu yawo, n'kuwakweza. Anagwira makutu, anatsika m'masaya, anakhudza pomwe Baiden anatema. Chala chinafika pachibwano, chinayendayenda, n'kuima.

"Kadzenje kaja kalipo ndithu," anatero.

Egya Kobina anayamba kulira. Misozi inatsikira pa zala za akazi awo, ndipo iwo anaimva, koma sanaipukute.

"Tsiku lija ku bwalo ndinkaona, Kobina," anatero mayi Kuukua. "Ndinaona mpando, ndinaona beseni. Ndinaona ngakhale lumo la a Baiden likung'anima padzuwa."

Anachotsa manja awo pankhope paja.

"Tandibwezerani ku uvuni, nsomba zanga zikupserera."